Botolo Loyela la M'munda wa Thonje

Sendelani kuno, ana inu, mthunzi wa mango uno utikwana tonse. Taonga, ika pansi kafoni kako, sikathawa. Dalitso, tenga lichelo lija ubwele nalo, manja azisenda nshawa makutu akumva.

Mailo munafika kuno mukulimbilana pakamwa, ati aphunzitsi anena kuti temu ikubwelayi palibenso kubwela ndi chakudya m'timapulasitiki totaya, aliyense apeze kachitini kotsuka kapena kathumba kansalu, chifukwa bwalo la sukulu lasanduka dzala. Munandiuza ngati ndi nzelu yatsopano imene yangotsika kumene pa basi ya ku Lusaka. Ine ndinangoti inde, inde. Koma kuyambila pamenepo mtima wanga wakhala ukuyenda m'njila zakale, ndipo lelo muyenda nane, mufune musafune.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Kwathu kutsidya, ku Mozambiki kumene ndinabadwila, sukulu inali pansi pa mkuyu, ndipo mphunzitsi wake anali bambo yemweyo wotsogolela mapemphelo Lamulungu. Kope lathu linali mchenga. Unkasalaza ndi chikhatho, n'kulemba ndi chala, mphunzitsi n'kumadutsa akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Mphepo ikabwela inkatenga zilembo zonse, zokhoza ndi zolakwa zomwe. Ine ndinkaganiza kuti zimapita kwinakwake, kuti kuseli kwa phili kuli malo kumene zilembo zathu zonse zinaunjikana ngati mankhusu. Mpaka lelo ndikaona kamvulumvulu akudutsa pabwalo ndimati mwina wanyamula dzina langa lija ndinalemba ndili kamtsikana.

Kamba wathu wa kusukulu anali chinangwa chootcha chokulunga m'tsamba, kapena masau ouma m'chigoba cha mlambe. Ukatha kudya unkaponya tsamba pansi, mbuzi ili kale pambuyo pako kudikila. Pofika madzulo pabwalo pankakhala poyela popanda wogwila tsache. Sikuti tinali anzelu, iyayi. Kunalibe china choti n'kutaya.

Za nkhondo sindinena zambili lelo. Mungodziwa kuti tinawoloka malile ndi ambuya anu aamuna, a Zuze, amai anu Loza ali khanda kumsana kwanga. Tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Petauke mpaka kwathu kutagwa mtendele. Malole anabwela kudzatenga anthu, ndipo ambili anakwela akuimba. Ife tinaima m'mbali mwa mseu, fumbi likutithila m'maso. A Zuze anati, "Amake Loza, kumene tinachoka kulibe wotidikila. Mwana uyu mano amelela kuno." Basi tinatsala. Patapita nthawi tinapatsidwa malo kuno ku Ndake, tchile lokhalokha, ndipo mango amene mwakhala pansi pakewa anali kambewu kofika m'bondo.

Nyengo imeneyo ndi ija zipani zinachuluka. Inu munabadwa zinthu zili kale chonchi, simungadziwe mmene dziko linasinthila fungo. Kudipoti kumene anthu ankagulitsa chimanga kunakhomedwa, udzu n'kumela pakhomo. Feteleza anasowa. M'malo mwake kunabwela anthu a njinga zamoto, kudzatiuza kuti tilime thonje, akutisiyila mbewu ndi mabotolo a mankhwala opopela. Ku Nyimba nako kunachita ngati kwagwa mvula ya katundu. Salaula, zovala zakale zija, anayanikidwa pamipanda, majekete a anthu a kumaiko ozizila akugwedezeka ndi mphepo ngati eni ake ali momwemo. Timasitolo ta malata tinamela m'mbali mwa mseu waukulu. Ndiye mapulasitiki, ana inu. Mabeseni ofiila, makapu obiliwila, timabokosi ta chakudya tokhala ndi chivundikilo chotseka kuti tha. Dzuwa likawomba pamenepo unkaona ngati munda wa maluwa osafota.

Musaseke, koma kapulasitiki koyamba kamene anandiikilamo mchele ndinakachapa, n'kukayanika pachingwe pamodzi ndi zovala, n'kukapinda bwinobwino kukaika pansi pa mphasa. Ndinkati chinthu chosalowa madzi chonchi sichingakhale chotaya. Taonga, ndakuona ukubisa mano.

Loza atayamba sukulu kuno, zonse zimene ankanyamula zinatuluka m'manja mwathu. Chikwama ndinasoka ndi thumba la ufa lija tinkalandila kumsasa. Ndinalimasula, n'kuliviika m'madzi a makungwa a mlombwa mpaka linafiila ngati dothi la pachulu, zilembo za eni ake zikuonekela patalipatali. Ambuya anu anasema lula ya nsungwi, n'kupita kukabweleka ya aphunzitsi kuti akopele timizele, akutiwotcha ndi waya wamoto. Anakhala nayo tsiku lathunthu, lilime lili panja. Chofufutila chinali chidutswa cha patapata wakutha. Pensulo ikafupika tinkailowetsa m'kabango kuti italikenso, ndipo inkalemba mpaka kutsala ngati njele ya mpunga. Makope tinkakutila ndi pepala la thumba la simenti. Zowelengela samu zinali nthanga za bwemba m'kathumba, ndipo akamathamanga zinkalila tseketseke, moti ndinkamumva asanatulukile pa ngodya ya munda.

Koma chimene ndinkanyada nacho chinali kamba. Ndinkasinja nthochi zakupsa kwambili pamodzi ndi ufa wa mgaiwa, n'kukulunga m'tsamba la nthochi. Tsambalo uyambe walipititsa pamoto kuti lifewe, apo ayi ling'ambika. Ukamanga ndi luzi n'kuphika, mkate umatuluka utamwa fungo la tsamba, fungo limene sindinalipezenso m'chakudya chilichonse cha m'sitolo. Chakumwa chinali thobwa m'kachipanda ka khosi lalitali, kotseka ndi chitsononkho. Mphonda zake ndinkadzala ndekha kuseli kwa nkhokwe. Thobwa la m'chipanda limakhala lozizila ngakhale dzuwa lipse bwanji, ndipo ukamamwa kachipandako kamalankhula, kulu kulu kulu, ngati kakukuuza nkhani. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo kumuyang'ana akulowa m'tsekela, chikwama chofiila pamsana, kachipanda kakugunda m'chiuno, mpaka udzu utamumeza.

Pafupi nafe pankakhala amai Nyendwa, Mnsenga wa konkuno. Amuna awo anapita ku migodi, ntchito itatha kumeneko sanabwelele, ndipo mai aja anatsala ndi mwana mmodzi, Misozi, wa kalasi limodzi ndi Loza. Amai Nyendwa ankalawila kusanache ndi beseni la nthochi pamutu, kupita kumseu waukulu kukagulitsa pa mawindo a mabasi. Sitinkadana, koma sitinkapemphana moto. Tikakumana pachitsime ankati, "Muli tyani?" ine n'kuyankha, basi nkhani yathela pomwepo. Kwa anthu ambili kuno tinali tikadali a kumsasa, anthu oti tsiku lina adzanyamuka.

Tsiku lina Loza anabwela kusukulu kachipanda kali kodzaza. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinamufunsa ngati thobwa lasasa.

"Silinasase, amama."

"Nanga bwanji sukumwa?"

Anakumba pansi ndi chala chakuphazi. Kenako anati, "Misozi akuti ndi nsupa. Akuti anthu a ku Mozambiki timayenda ndi mankhwala. Ndikangokatulutsa onse amathawa, akuti ndiwalodza."

Mukudziwa nsupa, kachipanda kaja ka asing'anga. Kunena zoona kankafanana. Ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope ya mwana kuseka kunabwelela m'mimba.

"Ndiguleniko botolo, amama. La pulasitiki, lotseka ndi chivundikilo. Ana a aphunzitsi ali nalo, ana a kusitolo ali nalo."

Atate ake anali pakhonde akunola khasu. Anati, "Thonje likagulidwa ndidzakugulila, lofiila ngati ufuna. Pilila pang'ono, mwanangu." Loza anagwedeza mutu. Koma pang'ono wa munthu wamkulu ndi chaka kwa mwana.

Zimene ndikuuzeni tsopanozi ndinazimva pambuyo pake, kwa amai anu omwe. Misozi uja, ndi pakamwa pake ponse, ankapita kusukulu m'mimba muli mbee, chifukwa amake ankachoka moto usanakolezedwe. Ankati akamva fungo la mkate wa Loza malovu ankadzaza m'kamwa, ndiye poti sakanatha kupempha kwa mwana wa kumsasa, ankatukwana. Tsiku lina m'mawa anamudikila Loza pakamtsinje ka panjila ya kusukulu. M'manja anali ndi botolo loyela, losalala, la chivundikilo chofiila, limene anatola m'munda wa thonje wa amalume ake. Pepala la pamwamba anali atalimatula, botolo n'kulitsuka ndi mchenga mpaka kuwala.

Anati, "Ndikupatsa ili, likhale lako. Koma thobwa tizimwa tonse."

Loza akuti mtima unagunda ngati wapatsidwa dziko. Anathila thobwa lonse m'botolo muja, kachipanda n'kukabisa m'udzu, ndipo awiliwo anayenda mpaka kusukulu atagwilana manja. Botolo analiika pawindo la kalasi kuti aliyense alione. Linakhala padzuwa m'mawa wonse.

Unali mwezi wa chisanu, thonje litaphulika minda yonse. Ine ndi ambuya anu tinali kutola m'munda, dzuwa lili pamutu koma mphepo ikuluma. Ndinaona munthu akubwela chothamanga pakati pa mizele, nsapato zili m'manja. Anali amai Sakala, mphunzitsi wa kalasi lawo, munthu amene sindinamuonepo akufulumila chiyambile.

"Amake Loza, bambo, tiyeni kusukulu. Ana amwa mankhwala a thonje."

A Zuze anatenga njinga imene inali pansi pa mtengo, ine ndinathamanga pambuyo. Tinapeza Loza ndi Misozi atawagoneka pamthunzi, ana ena atawaingitsila kutali. Loza anali kusanza, thukuta lili chuchuchu pakati pa chisanu chonsecho, koma anandizindikila, anati, "Amama, m'mimba." Misozi sankalankhula. Iye ndiye anamwa kwambili, poti anali ndi njala. Dovu linkatuluka pakamwa ngati thovu la sopo, manja akunjenjemela okha, pachifuwa pakulila ngati madzi owila. Amai Sakala anandinunkhitsa botolo. Pansi pa fungo la thobwa langa panali fungo lija la tsiku lopopela, lija limakhala m'zovala ngakhale uchape.

"Musawamwetse kanthu," anatelo amai Sakala. "Kuchipatala basi. Botolo mupite nalo, akaone chimene amwa."

Chipatala chinali kutali, ulendo woti munthu wamkulu akanyamuka dzuwa lili pamutu amafika litapendeka. Galimoto kunalibe. Njinga inali imodzi, ya ambuya anu, ndipo mwana wolefuka sungamukhazike pakaliyala, ayenela kumangidwa kumsana kwa wopalasa. Msana unali umodzi, ana awili. Amake Misozi anali kumseu ndi nthochi zawo, osadziwa kanthu.

Ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kuwapatsa a Zuze, ndikunyamula kale Loza kuti ndimuike kumsana kwawo. Iwo anayang'ana Loza. Anayang'ana Misozi. Kenako anawelama n'kunyamula Misozi.

"Atate ake Loza," ndinatelo.

"Ndimangeni, amake Loza."

Ndinawamanga. Manja anga omwewa anamanga mwana wa eni kumsana kwa mwamuna wanga, ndi chitenje changa, mfundo ziwili pachifuwa. Anaika botolo m'thumba la malaya, n'kunena osandiyang'ana, "Bwelani naye. Musaime." Njinga inalowa m'njila, ndipo ndinaona timapazi ta Misozi tikulendewela mpaka pokhota.

Amai Sakala anandipatsa chitenje chawo. Ndinabeleka Loza, mtsikana wamkulu woti miyendo yake inkandigunda m'mawondo, n'kuyamba kuyenda.

Ulendo umenewo, ana inu, sindiukumbuka ngati mmene munthu amakumbukila ulendo. Ndimaukumbuka ngati loto. Udzu unali wofiilila mbali zonse, wautali kuposa ine, ukuwelama ndi kudzuka ngati ukupuma. Kutali kunali utsi wa lupsa, ndipo mapili a cha ku Luembe ankaoneka ngati akuyandama, osakhudza pansi. Njiwa inkalila kutsogolo, ndikafika pamene inali yasamukila kutsogolo kwina. Mutu wa Loza unali paphewa panga, mpweya wake wotentha m'khosi mwanga. Ndiye zinthu zinayamba kusakanikilana. Ndinkaona ngati ndili m'njila ina ija, ya kutsidya, pamene tinkathawa, mwana yemweyu ali kakhanda kopepuka ngati nkhunda, ine ndikumutseka pakamwa ndi bele kuti asalile. Ndinkayembekeza kumva mfuti kumbuyo. Ndinayamba kumuimbila kanyimbo kamene amai anga ankandiimbila, m'chilankhulo cha kwathu chimene ndinali nditasiya kulankhula pagulu. Ndinkaona mai anga akuyenda patsogolo panga ndi mtsuko pamutu, osatembenuka, ndipo ndinkangotsata zidendene zawo. Miyendo sindinkaimva. Ndinkangomva kulemela kwa mwana, ndipo ndinkati malinga akulemela ndi kutentha chonchi, akadali wanga.

Ndinkamuitana pafupipafupi. "Loza."

"Mmm."

"Usagone. Tandiwelengela nthanga zako za bwemba."

Ankayamba, n'kusokoneza, n'kuyambanso.

Sindidziwa ndinayenda mtunda wotani pamene ndinamva mabelu a ng'ombe kumbuyo. Inali ngolo yodzaza mabelo a thonje, ikupita kumsika wa thonje umene unali njila yomweyo. Woyendetsa anali mkulu wina wa imvi, a Mwanza, amene ndinkangomuona patali kutchalitchi. Sanafunse zambili. Anayang'ana nkhope ya mwana, anatsika, n'kutikweza pamwamba pa mabelo. Kenako anakwapula ng'ombe zija mpaka zinathamanga, chinthu chimene ng'ombe za ngolo sizikonda.

Belo lina linali long'ambika, thonje likutuluka. Ndinamugoneka Loza pamenepo, mutu pamiyendo panga. Timaulusi toyela tinkauluka n'kumatela patsitsi pake, pa nsidze, pa milomo. Kumwamba kunali kobiliwila kopanda kanthu. Anatsegula maso pang'ono, anagwila thonje lija ndi dzanja, n'kunena, "Amama, mitambo yatsika?"

"Yatsika, mwanangu. Yabwela kudzatinyamula."

"Ndiye tikupita kumwamba?"

"Iyayi. Tikupita kuchipatala. Kumwamba kulibe sukulu, ukatsalila mayeso."

Anamwetulila pang'ono. A Mwanza kutsogolo ndinawamva akupemphela m'Chinsenga, akusakaniza ndi maina a ng'ombe zawo.

Titafika tinapeza njinga itagwa pakhomo la chipatala, gudumu lakutsogolo lopanda mpweya. A Zuze anali atakhala pansi atatsamila khoma, malaya onse ali dovu ndi thukuta, mapazi akutuluka magazi. Chubu chinaphulika asanafike, ndipo chigawo chotsala anachithamanga wapansi, mwana kumsana, njinga akuikoka. Ataona ngolo anaimilila, koma ine ndinawadutsa ngati sindiwadziwa. Anamwino anamulandila Loza m'manja mwanga. Poti botolo linali litafika kale, ankadziwa chochita, jekeseni inali yokonzeka. Misozi anali pabedi lina, dilipi ili pamkono, maso otseka. Namwino wamkulu anandiuza kuti uyo akanachedwa pang'ono pokha sakanapulumuka. Za wanga anati, "Uyu alimba, amai. Khalani pansi."

Dzuwa likulowa amai Nyendwa anafika. Wina anali atawatumila mawu kumseu. Analowa nkhata ikadali pamutu, beseni analiiwala panja. Anaima pa bedi la mwana wawo nthawi yaitali, akumugwila chipumi, akumugwila mapazi. Kenako anafunsa namwino kuti wamubweletsa ndani. Namwino analoza kukhonde kumene kunali a Zuze.

"Nanga wawo?"

"Wawo wabwela pambuyo, kumsana kwa amake."

Mai aja anatuluka. Ndinawaona pawindo. Anafika pamaso pa ambuya anu, anagona pansi chammbali pafumbi n'kuomba m'manja, anatembenukila mbali inayo n'kuombanso, mmene amathokozela akazi a kuno. A Zuze anasowa poyang'ana. Kenako mai aja analowanso, fumbi lili thupi lonse, n'kudzakhala pansi pafupi ndi ine. Sanandithokoze ndi mawu. Anatenga phazi langa, limene linali litang'ambika ndi zitsa, analiika pamiyendo pawo, n'kuyamba kuchotsa minga ndi phini wa pachitenje. Tinadya nthochi zawo zotsala pa malonda, awilife.

Loza anatuluka msanga. Misozi anakhalitsa, ndipo atatuluka anali woonda ngati bango, mawu ake aja akuthwa atatsika. Kusukulu kunaitanidwa makolo. Anagwilizana kuti botolo la mankhwala likatha aziliboola ndi kulikwilila, lisapezeke lathunthu poti mwana angalitole, chifukwa kunapezeka kuti m'nyumba zambili ankasungilamo mchele, mafuta ophikila, ena mpaka mkaka. Anthu anabwelela kwawo aliyense akuganiza za pa alumali pake.

Kuyambila pamenepo amake Misozi ankandisiyila pakhomo nthochi zimene zapsa kwambili moti pa basi sangagule, pamodzi ndi mtolo wa masamba. Ine ndinkaphika mikate iwili, ndi zipanda ziwili za thobwa. Kenako inakhala mikate ya ana a mzele wonse wa nyumba zathu, ndipo mbewu za mphonda zanga zinayenda mudzi wonse. Kwa zaka zingapo ukanaona ana a kuno akupita kusukulu ndi tizipanda m'chiuno, ena atalembapo maina ndi waya wamoto, ndipo mawu oti nsupa sanamvekenso. Sindikunamizani kuti zinakhalitsa. Pulasitiki anapambana ndithu. Anadzaza m'ngalande, anakolowekeka m'mitengo ya minga ngati mbalame zakufa, ndipo mbuzi yathu ina itafa tinaipeza m'mimba muli mpila wa timapepala. Amai anu omwe, atakula, anakugulilani timabokosi tija mumaswa temu iliyonse. Misozi uja ndi amene mumawatcha amai aang'ono a ku Petauke, aja amakusokelani mayunifomu. Mukadzapita mudzawafunse za thobwa, mudzaona mmene adzagwilile pakamwa.

Koma pali chimene chinatsala mumtima mwanga nthawi imeneyo. Anthu onse ankatamanda a Zuze. Kutchalitchi anawaimika kutsogolo. Amuna a kuno amene kale ankangowapatsa moni wa patali anayamba kuwaitana ku bawo. Ine ndinkawaphikila, ndinkawaikila madzi osamba, koma ndikawayang'ana ndinkangoona msana wawo ukukhota panjila ndi mwana wa eni. Ndinkati, bwanji ngolo ija ikanapanda kubwela? Chisanu chinatha, kunatentha, mitengo inaphuka masamba ofiila, ine ndili chomwecho. Iwo ankadziwa. Sanali munthu wofunsa.

Tsiku lina masana, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, tinakhala pansi pa nkhokwe tikukonza zipanda zatsopano. Iwo ankadula pakamwa ndi kampeni, ine ndinkathila timiyala ndi madzi n'kumakhutchumula kuti zowawa za m'kati zichoke. Ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Atate ake Loza, tsiku lija munasiyilanji mwana wanu?"

Anapitiliza kudula mpaka anamaliza chipanda chimene chinali m'manja. Anachipukuta, anachiika pansi.

"Sindinamusiye. Ndinamusiya ndi inu."

"Ine ndinalibe njinga."

"Uja analibe munthu, amake Loza. Wathu anali ndi msana wanu." Anayang'ana kampeni. "Njila yonse ndinkalila. Ndinkati akafa, mkazi uyu sadzandiyang'ananso, ndipo adzakhala akulondola. Koma ndinkadziwanso kuti njinga imatha mpweya panjila. Inu ndayenda nanu kuchoka kutsidya. Sindinakuonenipo mutaima."

Ndinatenga chipanda chija anamaliza, ndinachitsuka bwinobwino, ndinalowa m'nyumba n'kuthilamo thobwa la mumtsuko. Ndinabwela nacho n'kugwada, n'kuwapatsa ndi manja awili. Anamwa theka, n'kundibwezela kuti ndimalize. Madontho oyamba anayamba kugwa pa udzu wa nkhokwe, fumbi likununkhila, ndipo tinakhala pomwepo mpaka tinanyowa.